Ana atatu amene ndinawatcha obwereka

Makina aja anafika pa boma la Nsanje atafunditsidwa bulangete ngati munthu wodwala malungo. Anawatsitsa m'galimoto amuna anayi, bwana wathu akuyenda chafutambuyo patsogolo pawo n'kumakuwa kuti, "Pang'onopang'ono, anthuni!" Ine ndinali nditaima pakhomo la ofesi, mtima ukugunda ngati abwera kudzandifunsira ukwati. Ndinali mtsikana wotayipa makalata, wochokera kwa Lundu ku Chikwawa, ndipo mu ofesi monse muja ndine ndekha amene zala zanga zinkadziwa pokhala zilembo popanda kuyang'ana. N'chifukwa chake kompyuta ija inagwera ine.

Ofesi yathu inali ya bungwe lina lothandiza anthu pa nthawi ya mavuto. Chaka chimenecho Shire anali atasefukira, ndipo anthu a kwa Nyachikadza anawoloka pa mabwato kudzakhala kumtunda, ena m'makalasi a sukulu, ena m'zisakasa za udzu. Ntchito yathu inali yowagawira chimanga ndi nyemba pakatha milungu iwiri iliyonse. Banja lililonse linali ndi khadi, ndipo pa khadipo pankalembedwa chiwerengero cha anthu a m'nyumbamo. Anthu ambiri, chimanga chambiri. Munthu mmodzi, kachitini kamodzi.

Makina aja ndinkawasamala kuposa mmene ndinkadzisamalira ndekha. Tinali ndi fani imodzi yokha mu ofesi, ndipo ndinaitembenuzira kwa iwo, ife anthu n'kumayenderera thukuta ndi kutentha kwa ku Nsanje. Poweruka ndinkawafunditsa chitenje changa chatsopano kuopa fumbi. Jenereta ikalira m'mawa, zilembo zobiriwira n'kuyamba kuoneka pa galasi, ndinkamva kukoma kumene sindingathe kukufotokoza bwino ngakhale lero. Anthu ankabwera kudzasuzumira pawindo. Tsiku lina tcheyamani wa chipani wa deralo analowa, n'kuwazungulira makinawo manja ali kumbuyo, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati angathe kuulula anthu amene sanagule khadi la chipani. Ndinayankha mwaulemu kuti zimenezo sanaphunzitsidwe. Anachoka ali wokhumudwa pang'ono.

Ondiphunzitsa anachokera ku Blantyre, anakhala masiku awiri okha, n'kundisiyira kabuku ka Chingelezi kothimbirira. Zotsalazo ndinaphunzira ndekha, molakwitsa ndi kubwereza.

Tinali ndi mabuku a mitundu iwiri. Oyamba anali a kumudzi, olembedwa madzi asanabwere. Anawalemba ndi mlembi wathu wachikulire, bambo a Chisena amene ankamanga tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo anayenda nawo mabukuwo nyumba ndi nyumba kwa zaka zambiri. Achiwiri anali a kumtunda, olembedwa tsiku limene anthu anawoloka. Aliyense ankaima pamzere, kutchula mudzi wake ndi nyumba yake, kenako kutchula anthu amene amadya nawo. Makhadi a chimanga anachokera m'mabuku achiwiriwa. Nyumba iliyonse inali ndi nambala imodzimodzi m'mabuku onse awiri.

Bwana ankakayika kuti anthu ena anawonjezera pakamwa pa tsiku lolembetsa lija. Sikuti ankangoganiza zopanda pake. Tonse tinkadziwa kuti ena pamzere ankabwerekana ana, mwana yemweyo n'kuonekera lero kumbuyo kwa mayi uyu, mawa kwa mayi uyo. Ndiye bwana anawonkhetsa anthu onse a m'mabuku a kumudzi, kuwonkhetsanso onse a m'mabuku a kumtunda, n'kupeza kuti ziwerengero zikungotsala pang'ono kufanana. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti nkhani yatha.

Ine sinandithere. Ndinali nditatha milungu itatu ndikulowetsa mayina onse aja m'makina, msana ukuwawa, ndipo ndinkafuna kuti makinawo achite chinthu chimene munthu wa pensulo sangachite. Maganizo anandifikira ndikutsuka kapu ya tiyi kuseri kwa ofesi. Kuwonkhetsa mudzi wonse n'kubisa zinthu. Bwanji osatenga nyumba imodzi m'buku la kumudzi, kupeza inzake ya nambala yomweyo m'buku la kumtunda, n'kuziika pamodzi? Zikafanana, kupitirira. Zikapanda kufanana, kulemba. Kapu ija ndinaisiya pomwepo ndi sopo wake.

Zinanditengera masiku awiri kuti ndiwauze makina zimene ndinkafuna m'chinenero chawo. Ankandikanira, ine n'kumawanyengerera ngati mwana wokana mankhwala. Tsiku lachitatu chakum'mawa ndinalemba lamulo lija komaliza: nyumba iliyonse imene anthu ake kumtunda achuluka kuposa a kumudzi, ionekere, pamodzi ndi mayina a anthu owonjezerekawo. Ndinadina batani. Panakhala kachetechete, kenako chosindikizira chinayamba kulira kulira kwake kong'amba makutu kuja, pepala likutuluka, likutuluka, mpaka kukhudza pansi.

Ndinavina. Ndikunena zoona, ndinavina ndekhandekha mu ofesi ya anthu, nsapato nditavula. Kenako ndinathothola pepalalo n'kuthamanga nalo kwa bwana osagogoda n'komwe.

"Bwana, taonani! Nyumba ndi nyumba! Onse ali apa!"

Bwana anavala magalasi, kuwerenga tsamba loyamba, kuwerenga lachiwiri, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Iwe mwana, mutu wakowu ndi wa ku yunivesite," anatero. Mawu amenewo ndinawanyamula tsiku lonse, ndipo madzulo ake ndinawalembera amayi anga kalata kuwauza. Pamwamba pa pepala lija panafunika mutu. Palibe anandiuza choti ndilembe. Ndinatayipa ndekha, ndi zilembo zikuluzikulu: ANA OBWEREKA.

Pepalalo linapita kumalo ogawira chakudya. Makhadi a nyumba zonse zimene zinali pa pepalalo anadulidwa kuti afanane ndi buku la kumudzi. Tcheyamani uja, amene ankakonda kuyankhula pagulu kuposa chilichonse, anaimirira pa thebulo n'kuwerenga mayina onse mokweza, ndipo anachenjeza kuti wopezekanso pamzere ndi ana a eni adzaonana ndi anyamata a chipani. Masiku amenewo mawu otere sankafuna kumasulira. Ine sindinaliko. Ndinangomva kuti zinayenda bwino, ndipo ndinanyadira.

Patatha pafupifupi milungu iwiri, kutatsala masiku awiri kuti tigawenso, mayi wina anafika pawindo la ofesi. Anali wamtali, wowonda, mapazi ali mbuu ndi fumbi la ulendo. Kumbuyo kwake kunali ana atatu, wamkulu wa zaka ngati khumi, wamng'ono woti akanayenera kukhala kumsana koma ankayenda yekha atagwira chitenje cha mayiyo. Anafunsa kuti amene amayendetsa makina ndi ndani. Ndinadzuka monyada n'kunena kuti ndine.

Kenako anawakoka ana aja mmodzimmodzi n'kuwaimika pawindo.

"Mama, ndabwera kuti mundiuze," anatero m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chisena. "Ana awa ndinabwereka kwa yani? Mundiuze mwini wake, ndikam'bwezere."

Ndinayang'ana anawo. Onse atatu anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndipo mayiyo poyankhula ndinaona mpata womwewo. Chipumi chimodzimodzi. Koma ine ndinali ndi makina. Ndinafunsa nambala ya khadi lake, kuilowetsa, n'kuwerenga zimene zinatuluka. M'buku la kumudzi, nyumba yake inali ndi mayina awiri: la mwamuna, lokhwatchidwa chifukwa anamwalira, ndi lake. Panalibe mwana ngakhale mmodzi.

"Mayi, kumudzi munalembedwa nokha," ndinatero. Ndipo ndinawonjezera mawu amene amandichititsa manyazi mpaka pano: "Makina sanama."

"Nkhabe," anatero, akupukusa mutu. "Makina anuwo analipo pamene ndinkabereka?"

Anamasula kansalu kamene kanali m'manja mwake n'kukayala pawindo. Munali nyika zophika, timizu takuda tija timene anthu a kumadambo amakumba m'madzi njala ikafika povuta. Anati chakudya cha munthu mmodzi chimene analandira chinatha pa masiku anayi, ndipo kuyambira pamenepo akhala akudya zimenezo. Anatinso mkuja sakapita pamzere ndi ana, chifukwa akuopa anyamata aja, koma akapita yekha adzalandiranso kachitini kamodzi. Sanalire. Anangoti akhala pansi pa mtengo wa msawu umene unali panja mpaka nditamuyankha.

Ndinabwerera pampando. Kwathu kwa Lundu ana ndi a mayi. Mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo akamwalira kapena akachoka, ana amatsala pamene mayi awo ali. Kwa ine, mkazi wolembedwa yekha m'buku anali mkazi wopanda ana, basi. Sindinkaona njira ina yowerengera tsamba lija. Komabe mpata wa mano uja sunandichoke m'maso.

Ndinaganiza zofufuza mayina a ana aja m'buku lonse la kumudzi, osati m'nyumba ya mayiyo mokha. Ndinalemba dzina la wamkulu. Makina anaganiza pang'ono, n'kulitulutsa. Linali m'nyumba ina ya mudzi womwewo, pansi pa dzina la bambo wina, ndipo pansi pake panali mayina a ang'ono ake awiri aja. Mtima unakhala pansi. Ndinati eya, mwini ana ndi ameneyu, makina sananame. Ndinatsala pang'ono kudzuka kuti ndikamuuze.

Chinandibweza ndi chidwi chabe. Ndinafuna kuona kuti bambo ameneyo kumtunda analembetsa anthu angati. Nditatsegula nyumba yake m'buku lachiwiri, ana atatu aja munalibe. Kumudzi anali ndi anthu asanu ndi atatu, kumtunda analembetsa asanu. Munthu wanji amene pa nthawi ya njala angabwereketse ana ake atatu, iye n'kudzichepetsera chimanga? Ndinayang'ananso dzina lake. Dzina la makolo linali limodzimodzi ndi la mwamuna wokhwatchidwa uja.

Apa m'pamene ndinazindikira kulakwitsa kwanga. Ndinali nditawafunsa makina funso la mbali imodzi. Ndinawauza kuti andionetse nyumba zimene anthu achuluka. Za nyumba zimene anthu achepa sindinafunse n'komwe, chifukwa ndani amadandaula ndi munthu wopempha zochepa?

Ndinatembenuza lamulo lija. Chosindikizira chinaliranso, ndipo pepala lachiwiri linatuluka lalitali pafupifupi ngati loyamba. Pa thebulo panachepa. Ndinayala mapepala onse awiri pansi pa simenti, kugwada, kutenga pensulo yofiira n'kuyamba kulumikiza. Apa achuluka atatu, apo achepa atatu, mayina omwewo. Apa awiri, apo awiri, mayina omwewo. Apa mmodzi, apo mmodzi. Mzere uliwonse umene ndinkajambula unkakagwera pamalo pake, ndipo ndinayamba kukuwa ndekha kuti, "Uyu! Uyunso! Aka n'aka!" Tsopano ndinamvetsa chifukwa chake ziwerengero za bwana zinkafanana: anthu anali omwewo, anangosuntha nyumba. Ndipo nyumba zochulukazo pafupifupi zonse zinali ndi dzina la mwamuna lokhwatchidwa pamwamba. Pepala langa la ana obwereka linali pepala la akazi amasiye.

Phokoso langa linawadzutsa bambo a tayi aja kuchipinda kwawo. Anandipeza nditagwada, siketi ili fumbi lokhalokha.

"Kodi mwana wanga, wagwidwa ndi mizimu?"

"Bambo, mabuku a kumudziwa munalemba ndinu. Ana a mayi ali panjawo munawalemberanji m'nyumba ya munthu wina?"

Anawerama, kuwerenga dzinalo, n'kuwongoka pang'onopang'ono. "Munthu wina uti? Awa ndi akulu ake a malemu. Kuno si kwa Lundu, mwana wanga. Kuno malowolo akaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Mwamuna akamwalira, ana amawerengedwa kwa m'bale wake, ngakhale azigona ndi kudya kwa mayi awo. Ine ndikafika pamudzi ndimafunsa akuluakulu kuti ana awa ndi a yani, iwo n'kundiuza. Ndikanalemba mwina akanandithamangitsa."

"Nanga kumtunda bwanji analembedwa kwa mayi?"

"Kumtunda simunafunse kuti ndi a yani. Munafunsa kuti amadya ndi yani."

Ndinakhala pansi penipeni. Mabuku onse awiri ankanena zoona. Ndinawafunsa, mawu akutuluka mokwiya chifukwa cha manyazi, kuti bwanji sananene pamene pepala lija linkapita.

"Unandifunsa?" anatero, akukonza tayi. "Pepalalo ndinaliona litapita kale. Masiku ano mu ofesi muno mumafunsa makina."

Tinapita kwa bwana tonse awiri, ine nditanyamula mapepala anga a mizere yofiira. Bwana sanakondwe. Pepala loyamba anali atalitumiza kale ku Blantyre ndi mawu odzitamandira, ndipo kubweza mawu si chinthu chimene akuluakulu a nthawi imeneyo ankachidziwa. Anati mwina ndi chinyengo cha anthu awiri ogwirizana. Ndinawaonetsa kuti palibe mwana amene analandira kawiri, ndipo ndinawaonetsanso nyumba zochepa zimene zinatsala zopanda inzake, zimene mayina ake owonjezereka ankapezekanso pa makhadi ena. Amenewo ndiwo anali obwereka enieni, ndipo sanadzaze ngakhale theka la tsamba. Ndinkayankhula mothamanga, chala chikudumphadumpha pa pepala, mpaka bwana anandiuza kuti ndipume kaye.

Pomaliza anatumiza galimoto kukatenga alamu ake a mayi uja kumsasa. Anafika dzuwa litapendeka, bambo wa imvi, chipewa chili m'manja. Bwana anawafunsa kuti ana atatuwo ndi a yani.

"Ndi anga, bwana. Ndi magazi a mng'ono wanga."

"Nanga bwanji simunawalembetse pa khadi lanu?"

Bamboyo anadabwa ndi funsolo. "Ndingalandire bwanji chimanga cha ana amene sadya kwanga? Amadya kwa mayi awo."

Bwana anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Analamula kuti makhadi onse a akazi amasiye abwezeretsedwe, ndi kuti alandirenso chimene anamanidwa ulendo wapitawo. Tcheyamani anakana kukaimanso pa thebulo kuti awerenge mayina oyeretsedwa, akuti mmero ukuwawa. Anakawerenga ndi bambo a tayi aja, m'Chisena, dzina lililonse kawiri.

Koma zimenezo zinachitika mkuja wake. Tsiku lomwe lija, bwana atangosayina, ndinatuluka kupita pansi pa msawu. Mayi uja anali pomwe ananena, wamng'ono atagona pamiyendo pake. Ndinagwada n'kumuuza zonse, ndipo ndinamuuzanso kuti wolakwa si makina kapena bwana, ndi ine. Ndinapepesa. Anangogwedeza mutu, osanena kuti wakhululuka kapena ayi. Kenako anafunsa chinthu chimene sindinkayembekezera.

"Pamene mwawalemba ana angawo, ndingaone?"

Ndinamulowetsa mu ofesi, ana ali pambuyo. Ndinatsegula nyumba yake m'buku la kumtunda n'kuisindikiza pa kapepala kakekake. Sankadziwa kuwerenga. Anandifunsa kuti dzina lake ndi liti, ndipo ndinamugwira chala n'kuchiika pamzere wapamwamba. Ndinachitsitsa pa mzere wachiwiri, wachitatu, wachinayi, ndikutchula dzina la mwana aliyense. Mwana wamkulu uja anaseka atamva lake.

"Ali pansi pa ine?" anafunsa mayiyo.

"Ali pansi pa inu, mayi."

"Onse atatu?"

"Onse atatu."

Analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anati kuyambira pamene mwamuna wake anamwalira, aliyense amene anabwera ndi buku pamudzi ankawalemba anawo kwina, iye ali pomwepo akuwasambitsa. Anati alamu ake ndi munthu wabwino, koma ananena kale kuti wamkulu akakwanitsa zaka zopita kudambo ndi ng'ombe adzamutenga, ndipo enawo adzatsatira. Analipinda pepalalo kanayi n'kulimanga pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri.

Ndinkadziwa kuti kapepala kaja kanali ka chimanga basi, ndipo tsiku lodzatengedwa ana sikadzayankhula kanthu pabwalo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze. Ndinayang'ana mfundo zija, n'kutsekanso.

"Takhuta, mama," anathokoza motero m'Chisena, n'kutuluka ndi ana ake.

Atapita ndinapeza kuti kansalu ka nyika kaja wakasiya pawindo. Sindidziwa ngati anaiwala kapena anasiyira dala. Ndinazimitsa makina, kuwafunditsa chitenje chawo, n'kukhala pampando ndi kansalu kaja pamiyendo. Ndinasenda imodzi n'kuiluma. Inali yozizira, yowawira, yonunkha matope, ndipo inkakana kutsika pakhosi. Zinalipo zisanu ndi imodzi. Ndinadya zonse.